Wolankhulira mabanja pa nkhani za sukulu, chisamaliro ndi thandizo la boma: ntchito yake imathera pati?

Mayi Nangozo:
Moni nonse, abambo ndi amayi. Ndikufuna kumva maganizo anu, makamaka inu amene mumathandiza mabanja kapena munathandizidwapo. Ndaona kuti mabanja ambiri okhala ndi mwana waulumali, kholo lokalamba kapena m'bale wodwala matenda okhalitsa amaphonya thandizo ngakhale lamulo likuwalola kulandira, chifukwa amatopa ndi njira yake: fomu ya masamba ambirimbiri, misonkhano imene akatswiri amalankhula mawu a ntchito yawo, kalata yokana yosafotokoza chifukwa chenicheni, ndi ofesi imene imangokulozera ku ofesi inzake. Apa ndi pamene pamafunika wolankhulira, munthu woyima pambali pa banja kuti mawu ake amveke. Koma ndinaonapo wolankhulira wina wachangu amene analankhula yekha msonkhano wonse, nkhani inayenda bwino ndithu, komabe mayi wa mwanayo anatuluka asakudziwa chimene chagwirizanidwa. Kodi ntchito imeneyi imayambira pati, nanga imathera pati?

Bambo Mwale:
Zikomo mayi poyambitsa nkhaniyi. Ine ndinaphunzitsa ana ofunika thandizo lapadera kwa nthawi yaitali, choncho ndikudziwa mmene msonkhano wotere umaonekera ukakhala mbali ya sukulu. Mbali imodzi ya tebulo kumakhala mphunzitsi wamkulu, mphunzitsi wa kalasi ndi katswiri amene anamuunika mwanayo, aliyense ali ndi mapepala ake amene wawerenga kale. Mbali inayo kumakhala kholo lokha, litagwira chikwama pamiyendo, likulandira lipoti la masamba ambiri kwa nthawi yoyamba pomwepo. Wina amawerenga zonse zimene mwana sangathe kuchita, mzere ndi mzere, ndipo pofika kumapeto khololo limakhala likulimbana ndi misozi, silingathenso kufunsa funso. Kenako amasendeza pepala ndi cholembera, n'kunena kuti sainani apa. Ambiri amasaina.

Chifukwa cha zimenezi, ine ndimakhulupirira kuti ntchito yaikulu ya wolankhulira imachitika msonkhano usanayambe. Iye amapempha kuti malipoti atumizidwe masiku angapo tsikulo lisanafike, amakhala pansi ndi khololo n'kuwawerenga limodzi mawu ndi mawu, ndipo amalithandiza kulemba zinthu zochepa zimene likufunitsitsa, m'mawu akeake. Mu msonkhanomo amalankhula pang'ono: amapempha kuti mawu ovuta afotokozedwe, amakumbutsa mfundo imene yadumphidwa, ndipo amanena poyera kuti khololo litenga pepalalo kukaliwerenga kunyumba lisanasaine. Chinthu china chimene amayang'anitsitsa ndi mawu olembedwa m'dongosolo la thandizo limene sukulu ipereke kwa mwanayo. Mawu akuti mwana adzalandira thandizo la kalankhulidwe ngati mpata upezeka samanga munthu aliyense. Pafunika kulembedwa kuti thandizolo lidzaperekedwa ndi ndani, kangati pa sabata, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso tsiku limene adzaonenso ngati likugwira ntchito. Ku United States, lamulo la mu 1975 lokhudza maphunziro a ana aulumali, limene kuyambira 1990 limatchedwa IDEA, limafuna kuti mwana aliyense woyenerera akhale ndi dongosolo lake lolembedwa, ndipo limalola makolo kubwera ku msonkhano ndi munthu amene amamudziwa bwino mwanayo kapena ali ndi luso pa vuto lake. Ngakhale kumene kulibe lamulo lotere, kupempha kubwera ndi munthu wokuperekeza si kulakwa.

Mayi Nabanda:
Abambo Mwale afotokoza bwino za sukulu, ine ndiwonjezere za mafomu opemphera thandizo la ndalama ndi chisamaliro, popeza ndimasamalira mayi anga amene ali ndi matenda oiwalaiwala. Vuto lalikulu la mafomu amenewa ndi lakuti amafuna munthu anene zofooka zake, pamene moyo wake wonse waphunzira kuzibisa. Fomu ikafunsa kuti kodi mumatha kusamba nokha, wokalamba amayankha kuti inde, chifukwa kunena kuti ayi n'kochititsa manyazi. Koma zoona zake n'zakuti wina amayenera kumukonzera madzi, kumukumbutsa kangapo, kuyima pakhomo kuopa kuti angagwe, kenako kumuthandiza kumanga mabatani. Pa fomu pangolembedwa mawu amodzi aja akuti inde, ndipo woweruza nkhaniyo, amene sanamuonepo munthuyo, amagamula molingana ndi mawu amenewo.

Wolankhulira wabwino safunsa kuti mumatha kapena simutha. Amafunsa kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji, kodi pamakhala wina pafupi, mukatero mumamva kupweteka kotani, nanga tsiku limene thupi lavuta zimakhala bwanji. Sakokomeza kanthu, ndipo sayenera kutero, chifukwa bodza likapezeka limagwetsa nkhani yonse ndipo lingamuike mwini wake m'mavuto. Amangothandiza kuti choonadi chonse chifike papepala. Ndikulangizanso aliyense kuti azilemba m'kabuku zimene zikuchitika tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo asanadzaze fomu, chifukwa ife osamalira odwala timazolowera ntchito yathu mpaka timaiwala kuti ndi ntchito.

Bambo Kamanga:
Ndikupepesa kuti ndibwera ndi maganizo osiyanako. Ine ndagwirapo ntchito mu ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo sindikukana kuti mabanja amavutika. Koma tiyeni tinene chilungamo. Ndalama zimene ofesi yapatsidwa sizichuluka chifukwa chakuti kwabwera wolankhulira waluso. Banja limene lili ndi munthu wodziwa kulemba makalata limalandira msanga, ndipo limene lilibe limakankhidwira kumbuyo kwa mzere, mwina ndi lomwe lili pa mavuto aakulu koposa. Kodi pamenepo tathandiza anthu, kapena tangosintha amene akulira? Chachiwiri, olankhulira ena amalowa mu ofesi ngati akubwera kunkhondo, n'kumuona wogwira ntchito ngati mdani, chonsecho iye ali ndi mafayilo ochuluka kuposa mphamvu zake ndipo si iye anakonza malamulowo. Zikatero wogwira ntchitoyo amayamba kudziteteza, amasiya kulankhula momasuka, ndipo banja limataya munthu amene akanalithandiza.

Mayi Tembo:
Abambo Kamanga, mfundo yanu yachiwiri ndikuivomereza kwathunthu. Wolankhulira amene amanyoza wogwira ntchito amawononga ubale umene banja lidzaufuna kwa zaka zambiri iye atachoka. Mwana adzapitabe ku sukulu yomweyo mawa lake, ndipo wokalamba adzaonedwabe ndi ofesi yomweyo. Kulimba mtima pa mfundo ndi kuchitira anthu mwano ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Koma pa mfundo yoyamba sindikugwirizana nanu. Mabanja ophunzira ndi opeza bwino ali kale ndi owalankhulira, kaya ndi m'bale amene ndi loya kapena mnzawo wogwira ntchito mu ofesi momwemo. Mukachotsa olankhulira aulere, mzere suwongoka ayi, umangotsala m'manja mwa amene anali patsogolo kale. Yankho la nkhawa yanu ndi lakuti thandizo limeneli lifike kwa amene sangathe kulipeza okha. Ku England, lamulo la Care Act la mu 2014 limalamula khonsolo kuti ipezere munthu wolankhulira woyima payekha ngati munthuyo akuvutika kwambiri kutenga nawo mbali pa kuunikidwa kwake kapena pa kukonza dongosolo la chisamaliro chake, ndipo palibe wachibale kapena mnzake woyenera kumuthandiza. Mfundo yake ndi yakuti wosowa mawu asadikire mwayi.

Komanso wolankhulira wanzeru saima pa nkhani ya banja limodzi. Akaona kuti mabanja ambiri akukanidwa pa funso lomwelo la pa fomu, kapena kuti ana osamva akuikidwa m'kalasi mopanda womasulira chinenero chamanja, amasonkhanitsa nkhanizo, atachotsa mayina, n'kuzipereka kwa amene ali ndi mphamvu yosintha ndondomeko ndi bajeti. Kukanidwa kumene sikunalembedwe paliponse sikuoneka kwa okonza bajeti, ndipo iwo amaganiza kuti zonse zili bwino. Apilo iliyonse imasiya umboni wakuti pali chosowa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, kapena kuti anthu 16 pa 100 alionse padziko lapansi, ali ndi ulumali waukulu, choncho iyi si nkhani ya mabanja ochepa odziwa kudandaula.

Bambo Kamanga:
Mayi Tembo, ndamva. Koma taonani chitsanzo chanu chomwecho: khonsolo ndi imene imalipira wolankhulira woti akatsutsane ndi khonsoloyo. Kodi munthu angalume dzanja limene likumupatsa malipiro?

Mayi Tembo:
Funso limenelo ndi lakale ngati ntchitoyi. Wolf Wolfensberger, amene anayambitsa ganizo lakuti nzika wamba izidzipereka kuyimira munthu mmodzi waulumali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo linayamba kugwira ntchito ku Nebraska, ankalimbikira kuti woyimirayo asakhale wolembedwa ntchito ndi bungwe lopereka chisamaliro, ndiponso asamalipidwe, kuti mtima wake ukhale pa munthuyo basi. Vuto ndi lakuti odzipereka sakwana, ndipo nkhani zina zimafuna munthu wophunzitsidwa amene ali ndi nthawi. Ine ndimati ndalama zikhoza kuchokera ku boma, koma bungwe la olankhulira lisakhale lomwenso likuyendetsa sukulu kapena nyumba yosamaliramo anthu, likhale ndi oliyang'anira akeake, ndipo banja lili ndi ufulu wofunsa mosabisa kuti amakulipirani ndani.

Achimwene Lameck:
Ndawerenga zonse mwachidwi, ndipo ndikupempha ndilankhule ngati munthu wamkulu waulumali, chifukwa mpaka pano takamba kwambiri za mabanja. Ine ndimayendera njinga ya olumala ndipo mawu anga amatuluka pang'onopang'ono. Ndikalowa mu ofesi ndi wondiperekeza, wogwira ntchito amayang'ana iyeyo n'kufunsa kuti kodi awa akufuna chiyani, ine ndili pomwepo, fomu ili pamiyendo panga, nditaidzaza ndekha. Wondiperekeza akayankha funsolo, nkhani yonse imachoka m'manja mwanga ndipo sibwereranso. Akangokhala chete n'kutembenukira kwa ine, wogwira ntchitoyo amakakamizika kudikira mawu anga. Kwa ine, luso lalikulu la wolankhulira lili pa kudziwa nthawi yokhala chete.

Ndinenenso chinthu chimene chingawawe makolo ena pano, koma ndikuchinena mwaulemu. Zofuna za banja ndi zofuna za munthu waulumali sizikhala zofanana nthawi zonse. Kholo limafuna chitetezo, ndipo limatero chifukwa cha chikondi. Mwana wake wamkulu angafune kukhala payekha, kugwira ntchito, kukwatira, kugwiritsa ntchito ndalama zake mmene akufunira, ngakhale kulakwitsa monga amalakwitsira wina aliyense. Wolankhulira akabwera, ayenera kudziwa kuyambira tsiku loyamba kuti akuyimira ndani. Ngati akuyimira ine, sangakambirane za ine ndi makolo anga kumbali n'kubwera ndi chigamulo chopsa kale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene linavomerezedwa pa 13 December 2006 n'kuyamba kugwira ntchito pa 3 May 2008, limanena mu gawo 12 kuti ndife ofanana ndi anthu onse pamaso pa lamulo, ndipo tiyenera kupatsidwa thandizo loti tipange tokha ziganizo zathu. Gawo 19 limakamba za ufulu wosankha kumene tikhale ndi amene tikhale naye. Zimenezi sizinagwe kuchokera kumwamba. Anthu amene ali ndi vuto la kuphunzira anasonkhana ku Oregon mu 1974 pansi pa dzina lakuti People First, n'kuyamba kudzilankhulira okha pa nthawi imene ambiri a iwo ankasungidwa m'nyumba zikuluzikulu za boma mopanda kufunsidwa.

Mayi Nabanda:
Achimwene Lameck, mawu anu andikhudza, ndipo sindikutsutsa chilichonse. Koma ndithandizeni pa ichi. Mayi anga masiku ena sandizindikira. Sangathe kuuza wolankhulira chimene akufuna, ndipo mukawafunsa funso limodzi kawiri amayankha mosiyana. Pali ana enanso amene salankhula konse. Kodi munthu wotere amayimiridwa bwanji popanda wina kumusankhira?

Achimwene Lameck:
Mayi, pamenepo m'povuta ndithu, ndipo sindinganene kuti ndili ndi yankho lokwanira aliyense. Chimene ndikudziwa n'chakuti komiti yoyang'anira pangano lija inafotokoza mu 2014 kuti pamene zayesedwa njira zonse koma zofuna za munthu sizikudziwika, omuthandiza ayesetse kumasulira chifuniro chake ndi zokonda zake mmene angathere, m'malo mongogamula chimene iwo akuona kuti n'chomukomera. Kusiyana kwake kumaoneka pa zinthu zazing'ono. Wolankhulira amapita kukakhala ndi munthuyo nthawi zosiyanasiyana, amaona chimene chimamusangalatsa ndi chimene chimamuopsa, amafunsa amene anamudziwa asanadwale kuti ankakonda chiyani ndipo ankadana ndi chiyani. Ngati mayi anu moyo wawo wonse sankafuna kusambitsidwa ndi mwamuna, matenda sanafafanize zimenezo, ndipo dongosolo la chisamaliro chawo liyenera kuzilemba. Inu mwana wawo ndinu mboni yaikulu pa zimenezi, koma wolankhulira amafunsanso mafunso amene inu, chifukwa cha kutopa, simungawafunse.

Bambo Mwale:
Ndikuwonjezera kuti mfundo ya achimwene Lameck imayambira pa ana. Pangano la ufulu wa ana la mu 1989 limanena mu gawo 12 kuti mwana amene angathe kukhala ndi maganizo ake amvedwe pa nkhani zomukhudza, molingana ndi msinkhu ndi kukhwima kwake. Ndinakhalapo pa misonkhano yambiri yokamba za mwana, mwini wake ali panja pakhonde. Mwana akafunsidwa amanena zinthu zimene akuluakulu sitinaziganizire, monga kuti chimene chimamulepheretsa kumva ndi phokoso la pawindo pamene anamukhazika, kapena kuti amakana kupita ku sukulu chifukwa chimbudzi chili ndi masitepe. Ndipo mwana amene sanafunsidwepo kanthu ali wamng'ono sangadzadzilankhulire mwadzidzidzi akadzakwanitsa zaka 18.

Msinkhu umenewo ndi pamene mabanja ambiri amagwera m'dzenje, chifukwa thandizo la ana limatha, la akuluakulu lili ndi malamulo ena, ofesi ina ndi kuunikidwa kwatsopano, ndipo kholo limene linkasainira zonse limauzidwa kuti tsopano likufunika chilolezo cha mwana wake kuti lione mapepala. Mayiko ena anayesa kutseka mpatawu. Ku England dongosolo lophatikiza maphunziro, zaumoyo ndi chisamaliro, limene linabwera ndi lamulo la mu 2014, lingathe kupitirira mpaka zaka 25, ndipo ku United States kukonzekera moyo wa pambuyo pa sukulu kumayenera kulembedwa m'dongosolo la mwana pofika zaka 16. Kulikonse kumene muli, yambani kufunsa zaka ziwiri kapena zitatu nthawiyo isanafike.

Mayi Nangozo:
Nanga kalata yokana ikabwera, banja lichite chiyani poyamba? Ambiri amaiponya m'kabati chifukwa cha kukhumudwa.

Mayi Tembo:
Poyamba penipeni yang'anani tsiku limene kalatayo inalembedwa ndi nthawi imene mwapatsidwa yochitira apilo, chifukwa nkhani zabwino zambiri zimafera pa tsiku lomaliza. Nthawiyo imakhala yaifupi. Mwachitsanzo, ku England munthu nthawi zambiri amakhala ndi mwezi umodzi wopempha kuti chigamulo cha thandizo la ndalama chionedwenso, ndipo makolo amakhala ndi miyezi iwiri yochitira apilo pa dongosolo la maphunziro a mwana. Kwina nthawi ndi ina, koma imalembedwa m'kalatamo kapena mungathe kuifunsa. Ngati umboni wonse sunapezeke, tumizanibe kalata yaifupi yonena kuti simukugwirizana ndi chigamulocho ndipo umboni ukubwera. Kenako pemphani zifukwa zolembedwa ndi kope la lipoti limene anagwiritsa ntchito, chifukwa simungatsutse chimene simunachione. Apilo yabwino sinena kuti tavutika kwambiri, ngakhale zili zoona. Imatenga chifukwa chilichonse chimene aperekera n'kusonyeza pamene chalakwika, ndi umboni wake pambali, kaya ndi kalata ya dokotala, lipoti la mphunzitsi kapena kabuku kaja anatchula Mayi Nabanda.

Mukalankhula ndi ofesi pa foni, lembani tsiku, dzina la amene mwalankhula naye ndi chimene walonjeza, kenako mutumizireni uthenga wachidule wobwereza zomwezo. Mapepala enieni musapereke kwa wina aliyense, ngakhale kwa wolankhulira, perekani makope. Kudandaula za mmene mwachitidwira ndi kuchita apilo pa chigamulo ndi njira ziwiri zosiyana, ndipo mabanja ena amatha miyezi pa njira yodandaulira nthawi ya apilo n'kudutsa. Wolankhulira ayeneranso kudziwa malire ake. Iye si loya, pokhapokha ngati anaphunziradi zamalamulo, ndipo nkhani ikafika poti ikufuna khoti ayenera kunena msanga n'kulozera banja kwa opereka thandizo la zamalamulo.

Bambo Kamanga:
Pa zimenezi ndilibe chotsutsa, ndipo ndikutsimikiza kuti fayilo imene ili ndi makalata olongosoka imasamalidwa mosiyana, chifukwa ngakhale wogwira ntchito atasamuka, wolowa m'malo mwake amapeza poyambira. Ndichenjezeko za chinthu china chimene ndinachiona ndili mu ofesi. Pali anthu amene amadzitcha olankhulira, amalipiritsa mabanja ndalama zambiri, amalonjeza kuti nkhani ipambana ndithu, ena mpaka amapempha gawo la ndalama zimene munthu adzalandire kapena kusunga khadi lake la ku banki. Palibe munthu woona mtima amene angalonjeze zotsatira za chigamulo chimene sichili m'manja mwake. Musanavomere kuthandizidwa, funsani ngati pali malipiro ndipo alembedwe, funsani amene mungakadandaule kwa iye ngati simukukhutira, ndipo chilolezo chimene mukusaina chinene momveka kuti akuloledwa kuona mapepala ati, kulankhula ndi ofesi iti, ndiponso mpaka liti.

Achimwene Lameck:
Pa chilolezo chimenecho ndikupempha chinthu chimodzi kwa onse amene mumagwira ntchitoyi. Chizikhala m'mawu osavuta, m'zilembo zazikulu kapena m'njira imene munthuyo amamvera, ndipo mumuuze kuti angathe kuchichotsa tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa. Kalata iliyonse imene mukulemba m'dzina lake muzimuwerengera musanatumize, ndipo akakana chiganizo china, chichotseni, ngakhale inu mukuona kuti chikanathandiza. Muli ndi ufulu womufotokozera zimene zingachitike akachichotsa, ndipo muyenera kutero mosabisa, koma siginecha ya pansipo ndi yake.

Mayi Nabanda:
Ndifunseko za ife osamalira odwala. Nthawi zina zofuna zanga ndi za mayi anga zimawombana, monga pamene ine ndikufunika kupuma masiku angapo koma iwo safuna munthu wachilendo m'nyumba. Kodi wolankhulira mmodzi angatiyimire tonse awiri?

Mayi Tembo:
Ayi mayi, pa nkhani imene zofuna zanu zasiyana sangatero, chifukwa mmodzi wa inu adzatsala wopanda mawu. Mayi anu akhale ndi wawo, inunso mupeze wanu kapena bungwe la osamalira odwala loti likuthandizeni, ndipo mupemphe kuti zosowa zanu ziunikidwe pazokha, osati ngati mzere umodzi m'fayilo ya mayi anu. Lamulo la Care Act lija limapatsa wosamalira wodwala ufulu wounikidwa payekha, ndipo ngakhale kumene lamulo silinena choncho, lembani kalata yofotokoza maola amene mumagwira, tulo timene mumataya ndi ntchito imene munasiya, n'kupempha kuti iyikidwe m'fayilo ndiponso kuti akuyankheni polemba.